Kalata ya ku Joni: Za Kabokosi Koyankha Mafunso

Okondedwa Amalume,

Ngakhale pakati pathu pali Limpopo, Zambezi ndi Shire, ndagwada pamaso panu kuti ndimve za moyo wanu ndi wa mbumba yonse pa Kachulu; ine kuno ku Johannesburg Chauta akundisungabe, kungoti chisanu cha mu June chandilowa m'mafupa.

Mawu anu ondituma choimbira nyimbo ndinawasunga mumtima, pokumbukira kuti agogo pobwera ku Wenela sanalowe m'mudzi chimanjamanja, koma anasenzetsa anyamata galamafoni yopukusa ndi dzanja, imene mbiri yake inaolotsa ngakhale anthu a ku Chisi pa mabwato kudzaiona. Tsono nditalandira malipiro ndinalowa m'sitolo ina yaikulu, ndipo taonani, wogulitsa anandiikira patsogolo kabokosi kobulungira, nati kameneka ndi sipika yanzeru: ukakaitana kamavomera, ukakafunsa nthawi kamanena, ukati kaimbe kamaimba. Indetu ndinagwira pakamwa, pakuti chiyambire bulu wa Balamu sindinamvepo kuti chinthu chosakhala munthu chinabwezera munthu mawu.

A Google ali ndi kawo kotchedwa Nest, pamene a Amazon anatulutsa kawo, ka Echo, m'chaka cha 2014, ndipo mawu a m'kati mwake ndi achikazi, dzina lake Alexa. Apa mpamene thukuta linandiyamba, polingalira kuti inu, mkulu wa mpingo wolemekezeka, mukadzamveka pakati pa usiku mukuitana "Alexa, Alexa" kuchipinda, mayi a kunyumbako sadzadikira tambala woyamba asanakadzutse ankhoswe.

Popeza safunsa anadya phula, ndinafunsitsa. Timabokositi, ngakhale amati n'topanda waya, tambiri tilibe batire, ndipo timafuna chingwe cha magetsi usana ndi usiku. Nzeru zakenso sizikhala m'katimo, koma m'makompyuta a kutsidya la nyanja, kotero kuti popanda intaneti ya Wi-Fi timangoti duu, ndiye mabando a foni amene tingameze pamwezi angalande ndalama yonse ya matemba anu. Choposa zonse, Chichewa sitimva. Kamodzi mwa ito ndinakafunsa mwaulemu mtengo wa milamba yowamba pa doko, koma kanandiyankha m'Chingerezi cha m'mphuno kuti sikanamve bwino, anthu m'sitolomo nafa nazo nseko. Chikomekome cha nkhuyu, amalume, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chake ndakusankhirani sipika yopanda nzeru, koma yomvera mwini wake. Ili ndi batire lodzazidwa ndi kasola kanu kaja ka padenga, imalumikizana ndi foni pa Bluetooth, ili ndi poika memori khadi ya nyimbo za kwaya, komanso wailesi ya FM, kuti MBC ndi Zodiak zisakudutseni, makamaka tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers. Ibwera ndi munthu wonyamula katundu wodzera pa Beitbridge ndi pa Mwanza, ndipo ikafika ku Zomba adzakuimbirani. Pabokosi alemba kuti siiopa madzi, koma mawu amenewa asafike m'makutu mwa anyamata a ku zimbowera, pakuti ndikuwadziwa, adzafuna kuiyesa pakati pa Chilwa.

Za feteleza uja, muwauze amayi mofatsa, makamaka atatha kudya, kuti ndalama yake ili m'kati mwa sipikayo, ndipo ina ndidzatumiza mwezi wamawa bwana akakumbukira.

Ine muphwa wanu,
wa ku Joni