Pampu ya nsomba zosadyedwa yautsa mapiri pachigwa

Sabata ino mu Lilongwe nkhani ya mtengo wa chimanga yayamba yapuma kaye, ya mpira nayo yakhala pambali, chifukwa m'kamwam'kamwa muli nsomba za bambo wina wa ku Area 47. Akuti mkuluyu anagula thanki yagalasi, naikamo mbuna za m'nyanja yathu yomweyi, koma sazidya. Amangokhala pasofa n'kumaziyang'ana. Zimenezo anthu akanangoseka n'kuiwala. Chautsa mapiri pachigwa n'choti Loweruka usiku magetsi atathima, madzi anasefukira pabalaza ponse, kapeti ya mayi a kunyumba n'kunyoweratu, wantchito n'kukolopa mpaka dzuwa paliwombo. Wantchitoyo anatsina khutu mnzake wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo nkhani ikafika pamenepo siifunanso ndalama ya minibasi.

Kwa amene simunaionepo thanki yotere, mathanki amakhala awiri. Yapamwamba ndi ya nsomba. Yapansi, imene oweta nsomba amati sampu, imabisika m'kabati, ndipo muli masiponji ndi timiyala momwe mumakhala tizilombo tabwino tosintha amoniya wa m'zonyansa za nsomba kuti asaziphe. Madzi amatsika okha kudzera m'paipi, koma kukwera sakwera okha, pamafunika pampu yowabweza. Ndiye pampu imeneyi ndi imene ikuzengedwa mlandu tauni yonse, ndipo oweruza ambiri sanaionepo ngakhale pachithunzi.

Bwalo loyamba linakhala mu babashopu ina ku Kawale. Wometa anagamula mosachedwa kuti pampuyo inachepa. Iye akuti munthu wandalama ngati uja akanagula chipampu chachikulu chonga chothiririra kudimba, nkhani n'kuthera pomwepo. Onse odikira pabenchi anavomera. Amene anakana ndi pulambala wina amene anali pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

“Amwene, imitsani kaye makinawo,” anatero. “Pampu saigula ngati ng'ombe, yoti ikakula ndiye kuti wapindula.”

Anatenga pepala n'kuyamba masamu. Thanki yotalika masentimita 120, mulifupi 50, msinkhu 50, imalowa malita 300. Oweta nsomba ambiri amafuna kuti madzi onse a m'thanki azidutsa mu sampu katatu mpaka kasanu pa ola, kutanthauza malita 900 mpaka 1,500. Mukaika chipampu choposa pamenepo, chimakweza madzi ambiri kuposa amene paipi yotsitsa ingameze, ndiye thanki yapamwamba imasefukira pomwe sampu ikuuma. Ngakhale isasefukire, paipi imayamba kukhuthula phokoso usiku wonse, nsomba nazo n'kumalimbana ndi mkokomo wa madzi osapuma. Anawonjeza kuti pampu ikapitirirako mphamvu pang'ono mutha kuichepetsa ndi valavu, koma valavuyo izikhala mbali yotulukira madzi. Mukatsina mbali yolowera, pampu imasowa madzi, imalira, n'kuwonongeka msanga. Wometa anangoti, “Ndimafuna kunena zomwezo,” n'kuyatsanso makina.

Ku mashopu a hadiweya a mumsewu wa Malangalanga nkhani inafika itavala zina. Kumeneko ankanena kuti bamboyo anaberedwa, poti pabokosi panalembedwa malita 2,000 pa ola koma pampu inkangotulutsa pafupifupi theka lake. Mnyamata wina wogulitsa mapaipi anaseka mpaka kugwira pakauntala. Akuti palibe wakuba apa, vuto n'loti anthu amawerenga nambala yaikulu yokha. Malita 2,000 aja ndi a pampu imene sikukweza madzi ngakhale chala chimodzi. Pambali pake pamakhala nambala ina yaing'ono, mwina mamita atatu, yosonyeza pamene pampuyo imalephereratu kukankha. Tsono ngati kuchokera pamadzi a mu sampu kufika pamlomo wa thanki pali mita imodzi ndi theka, musadabwe kulandira theka la zolembedwa. Elibo iliyonse imene pulambala wakhotetsa imadyakonso mphamvu, paipi yopyapyala nayo imadya yake. Makampani monga Eheim ya ku Germany ndi Sicce ya ku Italy amajambula kamzere kosonyeza mmene madzi amacheperachepera msinkhu ukamakwera, koma kapepalako ambiri amakataya limodzi ndi pulasitiki.

Mayi wina amene anabwera kudzagula loko anafunsa kuti, “Nanga achimwene, munthu angadziwe bwanji zoona zake?” Mnyamatayo anati n'zosavuta: tengani ndowa ya malita 20, muitchere pamene madzi akutulukira pamwamba paja, muyang'ane wotchi ya pafoni. Ikadzaza m'mphindi imodzi, ndiye kuti pampu ikupereka malita 1,200 pa ola, ndipo pa thanki ya malita 300 mwakhoza. Ikatenga mphindi ziwiri, muli pa 600, mwachepa. Mayiwo anati ndowa ali nazo zinayi kunyumba, chosowa ndi nsomba basi.

Koma mlandu weniweni, woti madzi anafika bwanji pakapeti, unakambidwa pabawo ku Mchesi. Madala ena anati nsomba za m'nyanja sizikhala m'galasi mwaulere, zinkafuna kubwerera kwawo. Ena anatsitsa mawu n'kunena kuti pali achibale amene sanakondwe kuti munthu azidyetsa nsomba pomwe kumudzi fizi ya ana yavuta. Mphunzitsi wina wa sayansi wopuma pantchito anadikira kuti onse amalize, kenako anafunsa kuti ndani mwa iwo sanapopepo petulo m'galimoto ndi kapaipi nthawi ya mizere ya mafuta ija. Onse anayang'ana pansi.

“Ndiye mwaidziwa kale nkhaniyi,” anatero. “Ukayamwa kamodzi, mafuta amatsika okha mpaka kapaipi katapuma mpweya.”

Anafotokoza kuti pampu ikazima, paipi yomwe imakweza madzi ija imatembenuka n'kuyamba kuwatsitsa, ndipo siisiya kufikira kukamwa kwake kutatuluka m'madzi. Pa thanki ya 120 kwa 50, sentimita iliyonse ya madzi ndi malita asanu ndi limodzi. Ngati kukamwa kwa paipi kunamizidwa masentimita 10, ndiye kuti malita 60 anatsika, ndowa zitatu zodzaza. Sampu ikakhala kuti inali ndi malo a ndowa imodzi, ziwiri zinazo zinapita kukacheza ndi kapeti. Pampu yokhayo inalibe mlandu.

Mankhwala ake akuti ndi otsika mtengo mochititsa manyazi. Kukamwa kwa paipi kuzikhala pafupi ndi pamwamba pa madzi, kapena muboole kabowo kakang'ono papaipiyo pansi pang'ono pa mzere wa madzi, kuti akangotsika pang'ono mpweya ulowe, kukoka kuja kuthe. Sampu musamaidzaze ngati mukuopa chilala. Ndipo musanaitane alendo kudzaona, zimitsani nokha soketi masana dzuwa likuswa mtengo, muime pomwepo ndi ndowa m'manja, muone pamene madzi alekezere. Akaima sampu isanadzaze, matani kaselotepi pamzere umene madzi amakhala pampu ikuyenda, musadzapyolenso pamenepo. Wina anafunsa za valavu yoletsa madzi kubwerera. Mphunzitsi anati imathandiza, koma kankhono kamodzi kapena ndere zikakhala pakamwa pake siitseka, ndipo mumazindikira madzi atatayika kale, pomwe madzi akatayika saoleka. Kabowo kaja nakonso kamafuna kukatokosa nthawi ndi nthawi chifukwa kamatsekeka. Atamaliza anapeza kuti nkhomo zake pabawo zadyedwa iye ali kalikiliki kuphunzitsa.

Mu minibasi ya ku Area 25 anthu sanalabade za kapeti, anafuna kudziwa za mayunitsi a magetsi. Kondakitala anamva kuti pampuyi siipuma usana ndi usiku, n'kukhala kukamwa yasa. Mtsikana wina wa pakoleji anawerengera pafoni: pampu ya mawati 30 ikayenda mwezi wa masiku 30 imadya mayunitsi 21.6. “Mayunitsi onsewo chifukwa cha ndiwo zoti sudya?” anatero kondakitala, mpaka anaiwala kubweza chenji cha bambo a kumbuyo, amene sanaiwale.

Mkulu wina amene ali ndi mlamu wake ku Johannesburg anati pampu za kumeneko zimagwira bwino kuno poti magetsi ndi ofanana, mavoti 230, kungoti pulagi yake ndi ya mano ozungulira, mumafunika adaputa. Chenjezo analipereka kwa amene ali ndi abale ku America: kumeneko ndi mavoti 120, ndipo pampu yotero mukailumikiza kuno mumangomva fungo. Anatchulanso pampu zamakono za DC, zambiri zake za mavoti 24, zimene zimabwera ndi kabokosi kochepetsera kapena kuwonjezera liwiro, zimadya magetsi pang'ono, ndipo n'zosavuta kuziyendetsa ndi batire. Mtsikana uja anati batireyo si zachibwana, chifukwa madzi akaima maola ambiri mpweya umatha, nsomba zimayamba kupumira pamwamba, ndipo tizilombo tabwino ta mu sampu timayamba kufa. Amene sangakwanitse inveta agule kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi. Agogo ena amene anakhala chete ulendo wonse anatsika pa siteji akupukusa mutu, akuti iwo nyali yawo ilibe batire koma nsomba zili ndi yawoyawo.

Ku saluni ina ku Area 18 kunatuluka mbali ya nkhaniyi imene abambo sakuidziwa. Akuti mayi a nyumba ija anakhala akudzudzula wantchito kuti viniga wa kukhitchini akutha msanga, osadziwa kuti wakuba ndi bambo. Tsiku lina anawapeza kubafa atagwada, mswachi wakale uli m'manja, pampu ili zidutswazidutswa m'beseni.

“Bambo, viniga wanga wa saladi ndi ameneyu?”

“Mayi, ndibweza.”

Apa amayi onse anagwirizana kuti bamboyo alakwa, koma wokonza tsitsi, amene mchimwene wake anagwirapo ntchito yosamala thanki pa hotela ina kunyanja, anati pa chokhachi mkuluyo akuchita bwino. Mukatsegula chivindikiro cha kutsogolo kwa pampu mumapeza impela, kamaginito kokhala ndi timapiko, kamene kamazungulira pakamtengo koyera ka dothi lowotcha. M'kupita kwa miyezi pamamera zinthu zoterera, ndipo laimu wa m'madzi amaundana pamenepo, makamaka ngati madzi ndi a pamjigo kapena mwaikamo miyala yowonjezera laimu poti mbuna zimakonda madzi otero. Pakatha miyezi itatu kapena inayi iliyonse mumazula pulagi, kutulutsa impela, kuiviika mu viniga wosakaniza ndi madzi kwa maola angapo, kuitsuka ndi mswachi pamodzi ndi kadzenje kamene imakhalamo, n'kutsukuluza bwino. Sopo ayi, amapha nsomba. Kamtengo koyera kaja kagwireni ngati mukukaopa, chifukwa kakagwa pasimenti kamathyoka, ndipo timphira tiwiri ta kumapeto kwake timakonda kuthawira m'sinki. Pampu yauve imatha kumayendabe bwinobwino, koma ikangozima imakanika kudzukanso, n'chifukwa chake zambiri zimafa pa nthawi imene magetsi abwerera. Ananenanso kuti m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala madzi amauluka msanga, ndipo kuchepako kumaonekera mu sampu momwe muli pampu. Mukachedwa kuthira, pampu imayamba kumeza mpweya, kulavula thovu, kenako kupsa. Madzi othirawo akhale ochotsedwa klorini. Mayi wina ali mu dulaya anakuwa kuti mwamuna wodziwa kutsuka impela sangalephere mbale, ndipo mfundo imeneyi inadutsa popanda wotsutsa.

Amene anaseka tonsefe ndi wogulitsa usipa wa ku Salima mumsika waukulu. Iye akuti a m'tauni mukudabwa lero, pomwe kwawo ku Senga Bay kampani imene anayambitsa Stuart Grant yakhala ikutumiza mbuna zamoyo kunja pandege kwa zaka makumi angapo, ndipo ku Germany, ku Britain ndi ku America kuli anthu amene amadziwa miyala ya ku Likoma ndi ku Nkhata Bay kuposa ife eni nyanja. Paki ya ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zomwezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Anati mbuna kwawo ndi m'miyala, momwe mafunde amavundula madzi tsiku lonse, madzi oyera ndi odzaza mpweya, ndiye ukazitsekera m'galasi uyenera kuzigulira mafundewo. Atafunsidwa ngati iye angaweteko, anati ayi, nsomba zake amazikonda zili pathandala.

Zomwe zamveka kumapeto kwa sabata n'zoti pulambala uja foni yake siikupuma, ndipo mtengo woboola kabowo kamodzi waukweza kawiri. Wometa wa ku Kawale naye akuti waitanitsa thanki yoti aike mu babashopu makasitomala azionera podikira. Pulambala atamufunsa za pampu, anayankha kuti masamu onse aja anawamva bwinobwino, koma amupezerebe yaikulu.