Mpanda Wanga Wotchinga Phokoso

Ngakhale kuti ife a ku Nkhata Bay njanji sitinaionepo kwathu kuno, popeza inafika ku Salima m'chaka cha 1935, nidzakhotera ku Lilongwe pambuyo pake osatikumbukira, phokoso lokha ndiye tili nalo lokwanira kugawirako ena: Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja pano chiyambire 1951, ikaliza lipenga lake padoko munthu amadzambatuka monga pa tsiku lachiweruzo, ndipo ikangotonthola, zokuzira mawu za m'mabala zimalandira ntchitoyo kufikira tambala woyamba.

Tsono mwana wa mlongo wanga, mnyamata wophunzira, anati kwa ine: "Amalume, ku Japan ndi ku Germany amamanga makoma m'mbali mwa njanji, pakuti phokoso lambiri la sitima limachokera pansi, pamene gudumu likhudzana ndi chitsulo; tsono khoma likakhala lolemera, lopanda mng'alu, ndiponso loyandikana ndi pochokera phokosolo, limabweza mawu ena ndi kumeza ena, kotero kuti ofika kwa anthu ndi okhawo okhotera pamwamba pake, ndipo akachepa ndi madesibelo 10 pa muyeso wa phokoso, khutu limamva ngati atsika ndi theka."

Ine, pokhala munthu amene amamvetsa nkhani isanathe, ndinatenga ndalama ya ufa, ndinagula bango, ndi kuzinga nyumba yonse, ndikuyenda modzikweza pamaso pa anansi anga. Koma taonani, nyumbayo ili pamwamba pa chitunda, monga zilili nyumba zambiri m'tauni muno, ndipo mawu a kudoko anakwera molunjika, nalumpha mpandawo, nalowa pazenera osaodira. Ng'oma za m'mabala, zimene kugunda kwake kumazungulira ngakhale khoma la simenti, zinangodutsa m'mipata ya bango mwaufulu. Safunsa anadya phula.

Ndili chilingalire zogwetsa mpandawo, anafika agogo a nyumba yoyandikana nafe, atanyamula phava la nthochi, nakhala pansi, nati: "Bambo, Mulungu akudalitseni, chimangireni mpanda uwu, mkonono wanu wachepako ndithu, ndipo mukadaumata ndi dothi, tikadagona tulo tonse mpaka m'mawa."

Mayi a kunyumba anavomereza mawuwa mwamsanga wokayikitsa, nawonjezera kuti khoma lenileni, la njerwa zowotcha, liyenera kumangidwa pakati pa chipinda chathu chogona, pafupi ndi pochokera phokoso. Choncho, abale anga owerenga, amene ali ndi njerwa zotsika mtengo andipeze kuseri kwa bangolo.