Tiyamike a Valar, Akatswiri Oonerera

Anthu osayamika akhala akunyoza a Valar kuyambira 1977, chaka chomwe Christopher Tolkien anatulutsa The Silmarillion, buku la malemu bambo ake, J.R.R. Tolkien. Akuti milungu 14 imeneyi, yomwe Mlengi Eru Ilúvatar anaiikiza dziko, inkangoonerera ana a eni ake akutha. Imeneyo ndi miseche. Kuonerera ndi luso, ndipo a Valar alibe wofanana nawo.

Tiyambe ndi maso. Manwë, mfumu yawo, amakhala pansonga pa Taniquetil, phiri lalitali kuposa onse, ndipo mkazi wake Varda akakhala pambali pake amapenya kutali, kuboola nkhungu ndi mdima womwe. Mandos naye amadziwa pafupifupi zonse zam'tsogolo, koma satulutsa chiweruzo Manwë asanamuuze. Ulemu wake! Tsono tsiku lomwe Melkor, m'bale woukira wa Manwë, anagwada kupempha chikhululukiro, atakhala m'ndende nyengo zitatu, Mandos anangoti duu. Manwë, poti mumtima mwake munalibe choipa, sanachizindikire mwa m'bale wakeyo, ndipo anamumasula. Ndi mtsogoleri uti wina amene anagwetsapo dziko m'mavuto chifukwa cha kuyera mtima kokha?

Zotsatira zake zinali zochepa chabe. Melkor anabwera ndi kangaude wamkulu Ungoliant, nafotetsa mitengo iwiri yowala, Telperion ndi Laurelin, napha mfumu Finwë, naba miyala itatu ya Silmaril. Oromë ndi Tulkas anamuthamangitsako, mdima n'kuwasokoneza, n'kubwerera. Enawo anakhala pabwalo lawo la milandu ali chete, akusinkhasinkha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. A Noldor, mtundu wa Finwë, atanyamuka mwaukali kukalondola wakubayo, a Valar anachitapo kanthu ndithu. Anapachika dzuwa ndi mwezi kuti ovutikawo aziwaona bwino mavuto awo. Kenako anakweza mapiri a Pelóri, namwaza zilumba zamatsenga panyanja kuti wodandaula asafike. Turgon, mfumu ya Gondolin, anatumiza zombo 7 zokapempha thandizo, n'kupulumukako wamalinyero mmodzi, Voronwë. Ofesi zina zimati "mubwere mawa", koma iyi inangomata khomo.

Wowononga mbiri anali Ulmo wa m'madzi. Iyeyu sankakhazikika. Anawalotetsa maloto Turgon ndi Finrod kuti amange malo obisalako, natuma Tuor ku Gondolin ndi chenjezo. Timukhululukire, wojijirika sasowa pagulu.

Odandaula za kuchedwa ayambe aona zimene zinkachitika a Valar akadzuka. Patapita zaka zoposa 500, Eärendil anafika ku Valinor, kwawo kwa a Valar, kudzapempha thandizo atavala Silmaril pamphumi, ndipo pempho lake linamveka. Nkhondo imene inatsatira inagwetsa Melkor, inde, koma dziko la Beleriand, lomwe anabwera kudzalipulumutsa, linamira m'nyanja pafupifupi lonse. Anthu okhulupirika anawapatsa mphoto ya chilumba cha Númenor, ndi lamulo loti asayende kumadzulo mpaka gombe lawo kubisika. Mfumu Ar-Pharazôn itaswa lamulolo n'kubwera ndi zombo zankhondo, a Valar anatula pansi udindo, nasiyira Ilúvatar mlandu wonse. Númenor nayo inamira. Ndiye mukufuna adzukenso? Milungu ikaimirira mapu amajambulidwanso, choncho kukhala pansi kwawo ndi chifundo.

Phunziro analimva. M'Nyengo Yachitatu, cha m'chaka cha 1000, Sauron, mtumiki wa Melkor, atayambanso kuvuta, sanatumize asilikali. Anatumiza nkhalamba zisanu zoyendera ndodo, nazikaniza kuonetsa mphamvu zawo zonse. Ziwiri zinalowera kum'mawa. Radagast anatanganidwa ndi mbalame ndi nyama. Saruman, mkulu wa gululo, anayamba kuifuna yekha mphete yamphamvu ya mdani uja. Anatsala pantchito ndi Gandalf, ndipo mpheteyo anaisenza mpaka ku Mordor, kwawo kwa Sauron, ndi Frodo, kamunthu kosavala nsapato. Sauron anagwa, dziko silinamire, a Valar sanakhetse ngakhale dontho la thukuta. Kugawa ntchito n'kumeneku.

Choncho tiwaombere m'manja mwaulemu, koma chapansipansi kuti tingawadzutse. Akanakhala achangu, Melkor akanafera m'maunyolo, Beren ndi Lúthien, omwe anamulanda Silmaril imodzi, akanakalamba osadziwika, ndipo Tolkien akanangolemba kabuku ka masamba khumi kopanda wokagula.