Mbuzi ya Mayere

(Pa doko la Kachulu m'mawa. Injini ya boti lopita ku Chisi ikulira chapatali. Mbuzi: Meee!)

ANGOZO: Odi pano! Anaphiri, tulukani, ndabwera ndi mlandu.

ANAPHIRI: Mlandu m'mamawa muno, m'maso musanasukusule? Yambani mwapereka moni, aneba.

ANGOZO: Moni wanga unapita ndi mbuzi. Mayere anu a Loweruka aja, chilolezo chake chili kuti?

ANAPHIRI: Chilolezo cha chiyani? Ife timasonkha ndalama yokonzetsera mjigo. Amfumu anavomereza, tikiti yoyamba anagula ndi iwo.

ANGOZO: Amfumu awo ndi a milandu ya malire a minda. Za mayere mwini wake ndi MAGLA, ku Blantyre.

ANAPHIRI: Magila? Ndi mkazi wa ndani ameneyo?

ANGOZO: Bungwe la boma, mayi inu! Kale kunali Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board, lamulo la 2022 linawaphatikiza. Mukagulitsa matikiti kuti mmodzi apate mwamwayi, ndi lotale imeneyo, kaya ndalama ikupita ku mjigo kaya ku mowa.

ANAPHIRI: Ee, taonani! Miyezi itatu m'zimbowera, munthu watulukamo ali loya.

ANGOZO: Ku zimbowerako wailesi imagwira. Ogula tikiti ayenera kudziwa kuti matikiti anali angati, ndalama yapita kuti, wotola dzina ndani. Nanga kwanuku anatola ndani?

ANAPHIRI: Kamwana kosalakwa, ka Sitandade 2.

ANGOZO: Mdzukulu wanu! Kupisa dzanja m'chidebe chonunkha matemba, vuu, dzina la alamu anu. Komanso mwana wosakwana zaka 18 akufunanji pa juga?

ANAPHIRI: Juga? Lavulani msanga mawu amenewo! Ine ndine wa Mvano. Juga ndi ija mumachita inu pa foni, kubetcha kuti Arsenal igoletsa ziwiri, akazi anu akuphika ndiwo zopanda mchere.

ANGOZO: Makampani amenewo ali ndi laisensi!

ANAPHIRI: Ndiye laisensiyo inakubwezerani ukonde munagulitsa uja?

ANGOZO: (akutsokomola) Zimenezo ndi za m'banja.

ANAPHIRI: Tamverani. Mukuti ndikwere kabaza makilomita ngati 30 kukafika ku Zomba, fumbi mpaka m'mano, kenako minibasi ya ku Blantyre, chifukwa cha mbuzi imodzi yoti nthiti zake mungaziwerenge muli kutsidya kwa msewu? Ndalama yonse ithere panjira, mjigo uli chiumire? Mwaiwala 2018, Chilwa ataphwa, mabwato atagona m'matope pa doko pomwepa? Unatisunga ndi mjigo womwewu. Kolera akabwera mudzamwa chilolezocho?

ANGOZO: Mjigowo nanenso ndikuufuna, akazi anga atopa n'kutunga kutali. Koma chabwino sichichitikira m'thumba la munthu mmodzi. Lero ndi inu, mawa abwera wina wa tayi, ati za ana amasiye, atolera ndalama, akwera boti la ku Chisi, osaonekanso. Kope la matikiti lili kuti?

ANAPHIRI: Ooh, mukufuna kope? Dikirani pomwepo. (Chitseko. Mapepala akuphethuka.) Nali. Amfumu, tikiti imodzi, K500, analipira. Alamu, imodzi, analipira. Angozo, matikiti atatu, K1,500...

ANGOZO: Mwaona? Atatu! Koma osapata olo mchira.

ANAPHIRI: Sindinamalize. Pambali pake palembedwa kuti mudzalipira milamba ikagulidwa. Chala chanu ndi ichi, munadinda nokha.

ANGOZO: Aaa... chala chimenecho chikuoneka chachikulu kuposa changa.

ANAPHIRI: Tiyeni tonse kwa a Magila anuwo. Kope ndinyamula ine, chala munyamule inu.

ANGOZO: Komatu ku Blantyre n'kutali, aneba. Fumbi munanena lija...

(Mbuzi: Meee! Thandala likugwa.)

ANGOZO: Mayo ine, matemba anga! Anaphiri, mbuzi yanu yakwera pathandala!

ANAPHIRI: Yanga inatha Loweruka. Kaitaneni alamu, pobwera mudzere ndi K1,500.