Asilikali a m'thupi akaukira mwini wake, timawerenga chiyani?

Ine ndinakula nthawi imene mawu akuti CD4 ankadziwika ngakhale kwa agogo amene sanapondeko m'kalasi. Munthu akatuluka kukiliniki ya ma ARV akumwetulira, tinkadziwa kuti CD4 yakwera. Ikatsika n'kuchepera 200, achibale ankayamba kunong'onezana kuseri kwa nyumba. Alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa momveka kuti amenewa ndi asilikali a m'thupi, akachuluka ndiye kuti muli pabwino. Tsono wina andithandize. Zikutheka bwanji kuti kuno ku Doha dokotala akupatsa munthu mankhwala ofooketsa asilikali omwewo, n'kumati akumuchiza?

Wodwalayo ndi mayi wina wakwathu amene ndimawaitana kuti achemwali. Tonse timagwira ntchito ku Al Khulaifat, dera lakale la kufupi ndi nyanja, loyandikana ndi Ras Abu Aboud. M'mamawa zala zawo zimauma gwa. Chitsekero cha botolo la madzi chimawakanika, ndipo kakapu ka tiyi wa karak amakapana ndi zikhato ziwiri chifukwa zala sizikupindika. Mfundo zapakati pa zala zatupa, dzanja lamanja ndi lamanzere mofanana. Dzuwa likakwera zimamasuka, moti wowaona masana angati amanamizira.

Ife tinkati ndi AC, makina oziziritsa m'nyumba, poti kunja kumatentha kupitirira madigiri 40 koma m'nyumba mumazizira mpaka kufuna juzi. Adokotala anati ayi, ndi nyamakazi ya mtundu wotchedwa rheumatoid arthritis. Chitetezo cha m'thupi chimaukira kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mfundo mkati, kamatupa, ndipo zikalekereredwa fupa limayamba kudyeka. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo pa 100 alionse pafupifupi 70 anali akazi. Kodi msilikali wa m'magazi amadziwa bwanji kuti thupi ili ndi la mkazi? Nanga amene ali kudzanja lamanzere amauzana bwanji ndi akumanja kuti tonse tiyambire chala chomwechi?

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti CD4 si msilikali ayi. Kuno aliyense amayenda ndi baji pachifuwa, mlonda yake, woyeretsa yake, dalaivala yake, ndipo maselo a chitetezo nawonso ali ndi mabaji pakhungu lawo. CD4 ndi baji imodzi chabe. Pali CD8. Pali CD20, yovalidwa ndi maselo a B, gulu limene mumachokera opanga ma antibody. Pali CD64, imene imapezeka pa maselo otchedwa monocyte. Akatswiri anayamba kupereka manambalawa pa msonkhano wa ku Paris mu 1982, ndipo lero apitirira 300. Powerenga, amapaka mabajiwo utoto wowala, maselo n'kumadutsa limodzilimodzi kutsogolo kwa kuwala kwa laser, makina akuwerenga. Ofufuza amayang'ana ngati baji inayake imachuluka nthenda ikakula ndi kuchepa ikazizira, kuti tsiku lina magazi okha azinena kuti zinthu zafika pati.

Zabwino. Koma baji imanena kuti munthuyu ndi mlonda, sinena kuti lero wamenya munthu. Komanso magazi amawatenga pamkono, pamene ndewu ili mkati mwa mfundo ya chala. Amene akuwerengedwawo ndi amene akupita kukamenya, amene akubwerako, kapena ongodutsa?

Pepala la zotsatira za magazi a achemwali linalibe mabajiwa, poti sayezedwa kwa wodwala aliyense. Linali ndi zina. Choyamba ndi rheumatoid factor, imene Erik Waaler wa ku Norway anailongosola mu 1940, ndi inzake anti-CCP. Ndinaganiza kuti apa ndiye pali yankho la inde kapena ayi, monga poyeza malungo. Koma pali odwala enieni amene zonse ziwiri sizipezeka m'magazi awo, komanso pali anthu amene rheumatoid factor imapezeka chikhalirecho mfundo zawo zili bwinobwino, ena chifukwa cha ukalamba, ena chifukwa cha TB kapena matenda a chiwindi. Ndiye ikapezeka ndilire, ikapanda kupezeka ndisangalale, kapena ndingokhala?

Kenako pali ESR. Amathira magazi m'kapaipi kowonda, n'kudikira ola limodzi kuti aone kuti maselo ofiira atsika mamilimita angati. Akatsika msanga ndiye kuti penapake m'thupi mwatupa. Penapake pati? Kapaipiko sikanena. CRP nayonso chimodzimodzi: imakwera ndi nyamakazi, imakweranso ndi chibayo kapena malungo.

Pamapeto pake, ndi makina onsewa, adokotala anatenga dzanja la achemwali n'kuyamba kudina ndi zala zawo mfundo imodziimodzi. "Apa pakupweteka? Nanga apa?" Njira imeneyi imatchedwa DAS28, inapangidwa ku Nijmegen m'dziko la Netherlands. Amawerenga mfundo 28: mapewa, zigongono, polumikizira dzanja ndi mkono, mfundo za zala ndi mawondo. Amaona zotupa ndi zopweteka, n'kuphatikiza ndi ESR kapena CRP. Nambala ikapitirira 5.1 nthenda yakula, ikatsika n'kuchepera 2.6 akuti yagona. Mapazi ndi akakolo mulibemo m'chiwerengerocho. Ine apa mutu unaima. Achemwali amaimirira tsiku lonse pantchito, ndipo zala zakumapazi n'zimene zimawavutitsa akamavala nsapato. Kodi amene anasankha mfundo 28 zija ankagwira ntchito atakhala pampando?

Mankhwala anawapatsa methotrexate, womwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid. Anawachenjeza kuti wofuna kutenga pakati asamwe. Akakanika amenewa pali ena amphamvu, monga rituximab amene amasaka baji ya CD20 n'kuchotsa oivala. Ena mwa amphamvuwa asanakupatseni amayamba akuyezani TB, chifukwa chitetezo chikafooka TB yogona imatha kudzuka. Kwa munthu wochokera ku Malawi nkhani imeneyi si yaing'ono. Ndiye asilikali achepe mpaka pati kuti zala zipume koma chifuwa chisalowe? Ndani amaika malire, ndipo amawaona pa nambala iti?

Mu DAS28 muli gawo linanso limene sindinaliyembekezere. Wodwala amafunsidwa kuti adzipatse yekha nambala pakati pa 0 ndi 100 ya mmene akumvera, ndipo imalowa m'masamu limodzi ndi za labu. Achemwali analeredwa ngati ife tonse. Ngakhale atagona pamphasa osatha kudzuka, ukawafunsa amati "Ndili bwino pang'ono, kaya inu." Adokotala atafunsa, iwo anati 20. Panja ndinawafunsa kuti, "Achemwali, 20 yachokera kuti, inu m'mawa munakanika kumanga mabatani a yunifolomu?" Anati adokotala anafunsa za mmene akumvera, ndipo nthawiyo inali 1 koloko masana, zala zitamasuka kale. Ulendo wotsatira akatchule nambala iti, ya 5 koloko m'mawa kapena ya nthawi imene dzina lawo laitanidwa?