Safunsa Anadya Phula, Foni Inadya Oda

Safunsa anadya phula. Ine ndinkayesa mwambiwu ndi wa anthu okha, mpaka mphwanga atandionetsa kuti makina nawo amadya phula, ndipo sanyinyirika.

Mnyamatayu anapanga kapulogalamu ka pafoni kolandirira maoda a kachewere wa ku Bembeke, seva yake ya Django. Wogula ku Lilongwe alemba matumba khumi, adina, foni iyankha kuti zatheka. Kuno kuli zii, oda osaoneka. Masiku atatu mphwanga ali m'bulangete, chisanu cha Juni chikumulowa m'mafupa, anatukwana netiweki, ananamizira phiri la Dedza kuti likutchinga, ndipo anatsala pang'ono kuganizira azakhali.

Amene anakwerapo minibasi mumsewu wa M1 akuwadziwa matendawa. Mwakwera pa Dedza boma, mwafika pa Linthipe, kondakitala akuti, "Tsikani mabwana, mukwere iyo." Mwagulitsidwa. Inu osafunsa, liwiro kukalanda mpando wa pawindo. Ku Lilongwe mufika ndithu, koma thumba lanu latsala m'buti ya minibasi yoyamba ija.

Kapulogalamu ka mphwanga kamagogoda pa /api/maoda, pamene khomo lenileni ndi /api/maoda/. Kusiyana kwake ndi kamzere kopendekera ka kumapetoko basi. Django ili ndi kaulemu kotchedwa APPEND_SLASH, kamene kamabwera koyatsa kale: ikaona kamzereko kakusowa imayankha 301, kutanthauza kuti pitani uko. Foni imapitadi. Koma panjira pempho la POST, lonyamula oda, limasanduka GET, mlendo wa chimanjamanja. Seva imamulandira bwino, n'kumupatsa 200. Aliyense wakondwa, kupatula mlimi.

Makondakitala oona mtima alipo: 307 ndi 308 amakusamutsani pamodzi ndi katundu. Koma 301 ndi wa liuma, moti browser imamusunga m'mutu, n'kumapitabe komweko ngakhale mutakonza.

Kufunsa kwake n'kosavuta. Lamulo la curl -i silithamangira minibasi yachiwiri pokhapokha mutawonjezera -L. Limaima pomwepo, n'kukuonetsani 301 ndi mzere wa Location, wonena kumene mukugulitsidwa. Mphwanga atawerenga mzerewo anakhala duu, kenaka anati, "Achimwene, musauze munthu."

Anawonjezera kamzere kaja. Madzulo omwewo oda ya matumba khumi inalowa, ndipo azakhali mpaka lero sakudziwa kuti anali pa mlandu.