Tamandani Tebulo la Mapiko

Mu mzinda wa Blantyre mulibe tebulo lakale la mapiko limene mwini wake woyamba anali munthu wamba. Funsani ku Limbe, funsani kuseri kwa msika wa Blantyre, funsani anyamata oyala katundu m'mbali mwa msewu ku Ndirande: lililonse ankadyerapo ndi bwana DC. Likapanda kukhala la DC ndiye kuti linali la mzungu wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kapena la dona wina wa ku Sunnyside amene analira chokweza polisiya. Mutawerenga matebulo onsewa mungaganize kuti atsamunda analibe ntchito ina m'dziko muno koma kudya basi, kuchoka pa tebulo ili n'kukakhala pa ilo, kuyambira 1891 mpaka 1964. Olemba mbiri anaiwala kulitchula m'mabuku awo, choncho ulemu wake ndiupereka ndine.

Amene simunalionepo, maonekedwe ake ndi awa. Pakati pali thabwa lalitali koma lowonda, ndipo uku ndi uku kukulendewera mapiko awiri pa mahinjesi. Kunsi kuli miyendo yambiri kuposa imene tebulo lanzeru lingafune: inayi yoimirira chilili, ndi ina yobisala imene mumaikoka n'kuitsegula kuti ichirikize phiko mukalitukula. Mtundu wina ulibe miyendo yotsegukayo, uli ndi kathabwa kosolola kunsi kwa phiko, koma khalidwe ndi limodzimodzi. Angerezi anayamba kupanga matebulo otere m'zaka za m'ma 1500, ndipo pofika m'ma 1600 anali atafala m'nyumba zawo, ambiri a mtengo wa oak. Chimene chinkawavuta ndi malo. Taonani kuona patali kwa anthu amenewo! Osadziwa n'komwe kuti kudzakhala Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Zingwangwa, iwo anatipangiratu tebulo lokwana pabalaza pathu, pamene sofa, firiji, kabati ya mbale za alendo ndi njinga ya bambo zimalimbirana kangodya kamodzi.

Kulipeza si masewera. Musataye nthawi m'masitolo a magalasi a ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner. Kumeneko kuli matebulo onyezimira ochokera ku China ndi ku Joni, amene akasweka amangosweka osasiya nkhani yoti musimbire anzanu. La mapiko limasakidwa ndi mphekesera. Mwina mzungu wa ku Namiwawa akubwerera kwawo ndipo walengeza pa Facebook, koma mukamafika mumapeza amayi a magalimoto akuluakulu atasesa kale zonse, kwatsala ndowa ndi mahang'ala. Njira yodalirika ndi iyi: tchulani kamodzi kokha pa siteji ya minibasi ku Limbe kuti mukufuna tebulo lakale. Dobadoba atulukira pomwepo, osadziwa kuti wachokera kuti. Akudutsitsani kuseri kwa masitolo a amwenye, mulumpha ngalande, mupinda msana pa kachitseko ka malata, mpaka mufika m'shedi momwe mwadzaza mabedi achitsulo, mafiriji akufa ndi makina osokera a Singer. Mwini shedi avundukula lona mwaulemu, fumbi n'kuti kobo.

"Ili ndiye musafunsenso, bwana. La ku Mangalande lenileni. Tanyamulani mumve kulemera."

Inu mwaligwira pakona, ndipo ilo lakugwedezerani mutu.

"Nanga mwendo uwu ukugwederanji, achimwene?"

"Si mwendo umenewo, madala. Ndi pansi pano. Simenti ya masiku ano mukuidziwa."

Apa ndi pamene tebulo la mapiko limaonetsera ukulu wake, pakuti silinalakwepo chiyambire. Wolakwa ndi pansi. Mulisunthire pakhomo, ligwedera: pansi. Mulitulutsire panja, ligwedera: pansi. Mukafika nalo kwanu, pa simenti imene munalipira mmisiri ndalama zambiri kuti aisalaze, ligwederabe, ndipo mukaimba foni wogulitsa akuuzani modekha kuti mmisiri wanu anakuberani. Akatswiri oyeza malo angalembe zimene angalembe, koma tebuloli latsimikiza kale kuti mu mzinda womangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe mulibe malo athyathyathya ngakhale okwana phazi. Mankhwala ake ndi chitsekerero cha botolo la Fanta pansi pa mwendo wofupikawo. Ena amaika nyuzipepala yopinda kanayi, koma imeneyo imaphwa pakatha sabata. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsono pa mtengo. Tebulo limeneli linakhomedwa tikugulabe zinthu ndi mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabadwe mu 1971. Silimwa petulo, silidikira sitima ku Beira kapena ku Nacala, langokhala m'shedi muja pansi pa lona. Komatu mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, nalonso linadzuka m'mawa litakwera mtengo. "Dola, bwana," amatero mwini wake, nkhope ili ndi chisoni chonse. Ndani wina m'dziko muno amatsatira za chuma mwatcheru chotere? Malipiro anga anamva nkhani yomweyo pa wailesi koma sanagwedezeke n'komwe. Mukatchula mtengo wanu, iye aseka, ayang'ana kudenga, anena kuti dzulo lomweli kunabwera mzungu amene anafuna kupereka kawiri. Mzungu ameneyo amabwera dzulo tsiku lililonse, ndipo sagula kanthu. Mukatembenuka kuti muzipita ndi pamene mumamva mawu okoma aja kumbuyo: "Tabwerani madala, onjezerani pang'ono tithane." Dobadoba naye waima potero, akudikira yake ya fanta.

Tiyerekeze kuti wogulitsayo akunena zoona, tebulolo linachokeradi ku England kalekale. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Isanafike, katundu ankakwera sitima zapamadzi ku Chinde, n'kudzera mu Zambezi ndi mu Shire, kenaka amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera zitunda za ku Chikwawa mpaka kwa Mandala. Ndiye kuti tebulo lenileni la nthawi imeneyo linafika kuno pa khosi la agogo a munthu wina, mwina anu, mwina anga. Kupindika kwake kunali chifundo chokhacho chimene anachiona pa ulendowo.

Koma taligadabuzani muone kunsi kumene vanishi sanafike. Kawirikawiri mupeza mlombwa, mupeza mbawa, nthawi zina mumva fungo la mkungudza wa ku Mulanje. Mitengo imeneyi simera ku London. Matebulo ambiri otere anakhomedwa konkuno, ndi manja a anthu akuda. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, inkaphunzitsa ukalipentala, ndipo anthu a kuno ndi amene anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891. Anthu oti anaimika nyumba yoteroyo, kathabwa ka pa mahinjesi kakanawakanika? Yesani kunena zimenezi m'shedi muja muone mwini wake akukwiya ngati mwatukwana mtundu wake. Akudziwa bwino makasitomala ake. Mukatiuza kuti tebulo analipanga ndi agogo a ku Chilomoni, timadula mtengo pakati. Mukatiuza kuti mzungu anatsamirapo chigongono, timathamangira ku banki m'khonde kukakongola. Timalipira chigongono, dzanja la mmisiri timalitenga laulere.

Akalipentala ena, amene sindiwatchula chifukwa ndi anzanga, anatiwerenga kalekale. Akhoma tebulo Lolemba ndi paini wosauma, Lachiwiri alipaka oyilo wakuda wa galimoto, Lachitatu alikwapula ndi tcheni n'kulibaya timabowo ndi msomali kuti lioneke lofumbwa, ndipo pofika Loweruka lakwanitsa zaka 100 ndipo DC wadyerapo kale. Sindiwadzudzula. Matabwa enieni akawatenge kuti? Phiri la Ndirande tinalimeta mpala, mkungudza ku Mulanje watsala wa m'nazale, ndipo matumba a makala amatsikabe m'tauni m'bandakucha pa njinga, kudutsa pamaso pa anthu amene amalandira malipiro kuti awaone. Thabwa limodzi lotambalala la mlombwa, lopanda cholumikiza, lero mulipeza pa tebulo lakale basi. Nkhalango yathu yatsala m'mashedi a ku Limbe.

Mwagula. Mwalikweza pa pikapu ya hayala, mwalimanga ndi malegeni. Apa muona kuti tebuloli ndi nzika yaulemu kwambiri: pa dzenje lililonse la mumsewu mapiko ake amawomba m'manja, phwa phwa phwa, kuthokoza akuluakulu amene analonjeza kuti msewuwo aukonza mvula ikangosiya. Mukamafika kunyumba limakhala litawomba m'manja kuposa gulu lonse la pa msonkhano wa ndale, ndipo silinalandire ngakhale nsalu.

Chimene ndimalikondera kopambana ndi udani wake ndi nsima. Analipangira kapu ya tiyi ndi kabuledi kodula mopyapyala, zinthu zimene munthu amanyamula ndi zala ziwiri. Nsima imafuna mphamvu. Munthu amatsamira, natema mbamu pa mtanda, nakanikiza, nasunsa mu msuzi, phewa lonse likugwira ntchito. Tsono taganizani Lamlungu masana. Apongozi abwera, mwawapatsa malo aulemu pa phiko, mbale ya nkhuku ya lokolo ili patsogolo pawo, nthutumba ili pamwamba monga mwa mwambo. Asamba m'manja, pemphero latha. Kunsi kwa tebulo kamwana kakugwedeza miyendo, ndipo chidendene chake chagunda mwendo wotseguka uja kamodzi kokha. Palibe amene wamva. Apongozi atema mbamu yoyamba, phiko lapirira. Atema yachiwiri, mahinjesi alira pang'ono. Pa yachitatu phiko ligwada mwaulemu, mbale iyamba ulendo pang'onopang'ono, aliyense akuiona, palibe woigwira chifukwa manja onse ali ndi nsima, mpaka msuzi wonse uthera pa thalauza la kutchalitchi. Nthutumba igubuduka kulowa pansi pa kabati, kumene mphaka wakhala akuyembekezera tsiku limeneli.

Ndi mphunzitsi uti amene angaphunzitse mwambo msanga chotere? M'nyumba ya tebulo la mapiko ana satsamira, sagwedeza miyendo, salimbirana nyama. Amadya mowongoka, maso ali pa mahinjesi. Alendo nawo limawasankhira malo molingana ndi khalidwe lawo. Pali mpando umodzi umene wokhalapo amayenera kukumbatira mwendo wotseguka ndi mawondo ake, ndipo akati asunthe amagunda fupa. Pamenepo mpoyenera msuweni uja anabwera kudzagona usiku umodzi pa Khirisimasi koma Isitala yamupeza. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo tebuloli limathandiza kuti mamewo akamuke nthawi yabwino.

Silidziwanso kubisa za m'thumba. Pakutha pa mwezi mapiko onse awiri amatambasuka, pali nyama, pali mpunga wa kilombero. Pofika pa 10 phiko limodzi latsika. Pa 20 lonse lapindidwa, latsamira khoma, lavala kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki, banja likudya bonya mbale zili pamwendo. Aneba safunikanso kufunsa ngati mwalandira. Amangosuzumira pawindo n'kuwerenga mapiko, kenaka n'kudziwa ngati lero ndi tsiku lodzapempha shuga.

Aneba omwewo ndi amene amaliseka. Ena a iwo anagula pangongole tebulo lagalasi la mipando isanu ndi itatu, limene linalowa m'nyumba atachita kuzula chitseko, ndipo mpaka lero amadyera pakhonde chifukwa mayi akuti galasi likalika. Koma kukagwa chinkhoswe, amathamangira kwa yani? Kukakhala ukwati, ndalama za perekaniperekani amawerengera pa chiyani? Pamaliro, mbale ya chipepeso ndi kope lolembamo mayina zimakhala pati? Lawo lagalasi silituluka pakhomo. La mapiko limapinda manja, n'kudutsa pa kakhomo kalikonse, anyamata awiri alinyamula. Motero munthu umagula ndi ndalama zako, n'kupezeka kuti wagulira mzere wonse wa nyumba.

Pempho langa kwa akuluakulu a m'maofesi ndi lakuti achotse matebulo aatali aja m'zipinda za misonkhano, aikemo a mapiko. Wofuna kuwodzera atatsamira chigongono, phiko limudzutsa. Womenya tebulo ndi chibakera polonjeza kuti madzi sadzasiyanso kutuluka m'mipopi, mabotolo a madzi ogula ndi mbale ya maswiti zimugwera pamwendo nthawi yomweyo. Misonkhano ingamathe dzuwa lisanapendeke, ndipo mwina sipangakhalenso chifukwa chopitira kunyanja kukakambirana za ngalande za ku Mbayani.

Ndipo inu a nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi, tebulo mwabweza, zikomo, koma chitsekerero cha Fanta chimene chinali pansi pa mwendo mwasunga. Chibwere lisanafike Lamlungu. Apongozi akubweranso, ndipo ndikufuna phiko lidzagwe pa nthawi imene ndasankha ine.